Nkhafi ya Luwiza

Matope a kunyanja yamchere ali ndi fungo lawolawo madzi akaphwa. Si fungo la dambo, si la chithaphwi cha mvula. Muli mchere, muli masamba ovunda, muli nkhanu zakufa, ndipo dzuwa likawomba zonsezo zimaphikika pamodzi mpaka fungolo limakhala pa lilime ngati chakudya. Ndakhala zaka zisanu ndi ziwiri kuno ku Etobicoke, ku Canada, kwa mwana wanga wamkazi, kutali ndi nyanja iliyonse yamchere. Koma chaka chilichonse sinowo ikayamba kusungunuka, mchere umene amathira m'misewu umatsikira m'kamtsinje kakuseri kwa nyumba zathu n'kusakanikirana ndi matope, ndipo ndikamadutsa pa kamlatho popita kokwerera basi, miyendo imaima yokha. Tsiku lina ndinaima mpaka basi inatisiya. Mwana wangayo, amene ankathamangira kuntchito kuchipatala, anandigwira pamkono. "Adadi, basi yapita. Are you okay?" Ndinati ndili bwino. Sindikanatha kumuuza pamsewu, ndege zikulira pamwamba pathu, kumene ndinali. Ndinaphunzira kulemba nditakula kale ndipo cholembera sichinazolowere dzanja langa mpaka lero, koma nkhani iyi ndiilemba ndekha.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwina khumi ndi ziwiri, palibe amene analemba. Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, Apwitikizi asanachoke ku Mozambiki. Amayi anali atamwalira. Abambo anali kumigodi ku Joni ndipo makalata awo anali atasiya kubwera. Ine ndinkakhala kwa amalume kufupi ndi Nsanje, n'kumaweta mbuzi zawo ndi ng'ombe zitatu za munthu wina. Sukulu ndinkangoionera patali ndikamadutsa ndi ziweto. Amalume sanali munthu woipa akakhala kuti sanamwe, koma ankamwa masiku ambiri, ndipo kuseri kwa khutu langa lamanzere kuli chipsera chimene chimakumbukira bwino kuposa ine. Chaka chimenecho amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, anabwera kudzaona manda. Iwo anakwatiwa kutali, kumene Zambezi amathera m'nyanja, kufupi ndi Chinde. Ataona khutu langa sanafunse kanthu. Anamanga malaya anga awiri m'kansalu, ndipo tinakwera sitima mpaka pa mlatho waukulu, kenako boti la katundu masiku atatu kutsika ndi mtsinje.

Pakhomo pawo panali nyumba ziwiri pansi pa mitengo ya kokonati. Ina inali ya amuna awo, a Zuze, munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, wosakonda kuyankhula. Inayo inali ya akulu awo a Zuze, a Chiko, amene msana unawaletsa kupita kumadzi koma pakamwa pawo panali pathanzi. Bwato linali limodzi, losiyidwa ndi bambo awo, choncho nsomba zinkagawidwa pawiri ndipo mawu a a Chiko ankalemera pa chilichonse. Atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ananena kuti pakhomo popanda munda weniweni pafika pakamwa pena. Anakambirana nthawi yaitali m'chiyankhulo chawo, chofanana ndi Chisena cha kwathu, moti ndinamva zonse. Anagwirizana kuti ndikhale mpaka mvula yoyamba. Ndikaoneka wothandiza, ndikhaliratu. Ndikaoneka mtolo, ndikwera boti lomwe lija kubwerera kwa amalume. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndayang'ana kumwamba, kuopa mitambo.

M'mawa mwake ndinapita kudooko kumene tinatsikira dzulo lake, ndipo mtsinje kunalibe. Panali matope okhaokha onyezimira ndi kamfuleni kochepa pakati. Mabwato anali atagona cham'mbali ngati nkhumba zokhuta. Kwathu Shire amadzaza mvula ikagwa kumtunda ndipo amaphwa pang'onopang'ono kwa miyezi. Sindinamvepo za mtsinje wosamuka usiku umodzi. Ndinathamanga kukauza amayi aang'ono kuti madzi athawa. Amene anaseka mpaka kukhala pansi anali Luwiza, mwana yekhayo wa m'nyumbamo, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Anandikoka dzanja kubwerera kudooko n'kundikhazika pa chitsa kuti ndidikire. Patapita nthawi madzi anayamba kubwera, osati kuchokera kumtunda koma kuchokera kumunsi, mwakachetechete, akukankha thovu ndi timitengo patsogolo pake. Anandiuza kuti ndilawe. Anali amchere.

"Kuno madzi amapuma ngati munthu," anatero. "Kawiri pa tsiku. Uzolowere, mbusa iwe."

Dzina limenelo linandikakamira nyengo yonse.

Atsikana akumeneko sankakwera bwato kukapha nsomba. Ntchito yawo inali kutola nkhono m'matope, kusinja mpunga ndi kuyanika zimene amuna abweretsa. Koma a Zuze analibe mwana wamwamuna, ndipo anayamba kumutenga Luwiza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Chiko ankang'ung'udza, anthu a m'madooko ena ankaseka, koma bwato lawo linkabwera lolemera ndipo kuseka kunkathera pomwepo. Nkhafi yake anamusemera bambo ake, yaifupi, yopepuka, pogwirira patada ndi thukuta. Sankaisiya m'bwato ngati anthu ena. Ankabwera nayo kunyumba n'kuiimika kumutu kwa mphasa yake. M'bwato iye ankakhala kumbuyo, bambo ake ataimirira kutsogolo ndi chavi paphewa, ukonde wozungulira uja woponya ndi manja. Sankayankhulana. A Zuze akangopendeketsa khosi, bwato linali litakhota kale.

Sitinkapita kunyanja yaikulu. Tinkangoimva ikubangula kuseri kwa mchenga. Malo athu anali timifuleni tolowa m'nkhalango ya mitengo yomera m'madzi amchere, imene mizu yake imaima pamwamba pa matope ngati miyendo ya kangaude. Inali nyengo ya dzuwa, ndipo m'menemo mphepo sinkalowa. Madzi anali ofunda ngati osambitsa wodwala. Tintchentche tosaoneka bwino tinkaluma m'zikope ndi m'makutu, choncho tinkadzola matope kumaso ndi m'miyendo mpaka kuuma ngati chikopa. Nkhanu zing'onozing'ono za dzanja limodzi lalikulu zinkakweza manjawo pamodzi ngati mpingo ukuimba. Tinsomba ta maso pamutu tinkayenda pamatope ndi zipsepse zake, n'kumatiyang'ana mopanda mantha. Nkhalango yonse inkalira tha, tha, ngati anthu ambiri akuthyola zala. Nthawi yabwino inali madzi akayamba kutuluka. Nsomba zimene zinalowa m'mizu kukadya zinalibe njira ina koma pakamwa pa mfuleni, ndipo ife tinkazidikirira pomwepo, Luwiza atagwiriza bwato ndi nkhafi kuti lisasunthe. A Zuze ankapotoza chiuno kamodzi, chavi n'kutambasuka m'mwamba, n'kugwa pamadzi ndi phokoso limodzi lofewa.

Munkatuluka nsomba zoyera zodumpha, milamba ya m'madzi amchere ya minga yaululu, ndi kamarau, tinyama tamakoko tandevu zazitali timene tinkadumphadumpha m'bwato n'kumatibaya m'mapazi. Amayi aang'ono ankaphika kamarau m'mkaka wa kokonati ndi tsabola, n'kuthira pa mpunga wa m'kadimba kawo. Kwa amalume ndinazolowera kudya nditaimirira, maso ali kukhomo. Kuno tinkakhala pansi tonse, ndipo Luwiza ankandikankhira mutu wa nsomba n'kunena kuti mwina ukandipatsa nzeru. Ndinkadya mpaka kuchita manyazi, n'kudyabe. Pasanathe mwezi nthiti zanga zinabisala. Ndinaleka kudzidzimuka munthu akakweza dzanja kuti akande m'mutu. Sindinadziwe kuti mwana angathe kukhala choncho tsiku ndi tsiku, ndipo nditadziwa, mantha a boti lija anakula kuposa kale.

Ntchito yanga inali kukapa madzi ndi chigoba cha kokonati, kuchotsa nsomba mu ukonde ndi kunyamula dengu. Zonsezi ndinkazichita molakwika. Ndinkaimirira pamene sindiyenera kuimirira, bwato n'kupendama, nsomba n'kuthawa. Munga wa mlamba unandibaya ndipo dzanja linatupa masiku atatu. A Chiko ankamva zonsezi atakhala pa mkeka wawo pansi pa kokonati, n'kumangogwedeza mutu. Chinthu chimodzi chokha ndinkachidziwa, ndicho kumanga. Mbusa amene mbuzi yake yamasuka n'kulowa m'munda wa mwini amadziwa zimene zimamuonekera madzulo. Ndiponso ku Shire asodzi amamanga bwato pafupi, mothinitsa, mphuno yake itagunda chikhomo, chifukwa chingwe chikatalika madzi othamanga amalizunguza usiku wonse. Mfundo ya kwathu tinkazunguliza katatu, kulowetsa pansi, n'kubweza nsonga m'kati, ndipo ikamakokedwa imangolimbirabe. Ndikaona mmene Luwiza ankamangira, chingwe chachitali chitangogona pamatope, mfundo ili pamwamba pa mtengo pamene ankafika atanyanyamphira, ndinkati mumtima umenewu ndi ulesi wa anthu a kunyanja. Sindinafunse chifukwa chake. Ndinali nditatopa ndi kusekedwa.

Tsikulo mwezi unali wathunthu, nthawi imene madzi amaphwa kwambiri n'kudzazanso kwambiri. Mitambo inali itayamba kuunjikana chakum'mawa masana aliwonse, ndipo ine ndinalibe chilichonse chimene ndikanaloza kuti ichi ndachita bwino. Tinabwerera dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, madzi ataphweratu, moti bwato tinachita kulikoka pamatope mpaka pa mtengo wake. Nsomba zinali zambiri, zofunika kutumbula msanga zisanawonongeke ndi kutentha. A Zuze anasenza dengu lalikulu n'kutsogola. Chavi anachisiya m'bwato poti tinkafuna kubwereranso madzulo madzi akayamba kutuluka. Luwiza anasenza dengu linalo, nkhafi ili m'khwapa, n'kundiuza kuti ndisakhudze chingwe, abwera adzamange yekha.

Atangokwera mtunda, ndinamanga. Ndinamanga pansi penipeni pa mtengo, pamene panamata nkhono, chifukwa ndi pamene panali polimba. Ndinakoka mpaka mphuno ya bwato inagunda mtengo. Chingwe chotsala ndinachikulunga bwinobwino n'kuchiika m'bwato kuti chisade ndi matope. Nditakumana naye panjira akubwerera, ndinamuuza kuti ndamanga kale ndipo ngakhale njovu singamasule. Nthawi yomweyo amayi aang'ono ankamuitana kuti abwere ndi mpeni. Anayang'ana kudooko, anayang'ana kunyumba, n'kubwerera nane.

Masana onse tinatumbula, kuthira mchere ndi kuyanika pa thandala, ntchentche zikutizinga. Dzuwa litapendeka tinatsikira kudooko. Madzi anali atadzaza mpaka mu udzu. Mabwato a anthu ena ankayandama mwamtendere pa zingwe zawo zazitali. Lathu silinkaoneka. Kenako ndinaona mimba yake yakuda ikutuluka ndi kumira ngati mvuu, kumbuyo kuli m'mwamba, mphuno ili pansi. Madzi pokwera ananyamula bwato, koma mfundo yanga inakana. Mphuno inatsalira pansi, madzi analowa, bwato linagudubuzika, ndipo tsopano mafunde ankalimenyetsa ku mtengo. Ndinamvetsa zonse nthawi imodzi, chifukwa chake chingwe chimatalika, chifukwa chake mfundo imakhala pamwamba. A Zuze analumphira m'madzi ndi malaya omwe. Anamira kawiri, katatu. Chavi chinali chitapita, ndipo chingwe chinali chitakungika moti sakanachita kanthu. Anatuluka akupuma movutika n'kunena kuti tidikire mawa madzi akaphwa.

Nkhani inafika pakhomo ife tisanafike. Tinapeza a Chiko ataimirira pabwalo, atatsamira ndodo, dzuwa likulowa kumbuyo kwawo. Sanakalipe poyamba. Anafunsa mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunaopsa.

"Bwato la bambo anga wamanga ndani?"

Ndinaona boti la katundu, ndinaona khola la mbuzi, ndinamva mapazi a amalume akubwera kuchokera kumowa. Luwiza sanandiyang'ane. Ankachotsa mamba a nsomba amene anaumira padzanja lake, limodzilimodzi.

"Ndamanga ndine, bambo aakulu," anatero. "Ndinafulumira."

Pamenepo a Chiko anamasuka. Anati zaka zonsezi akhala akunena ndipo palibe ankawamva. Anati mwana wamkazi m'bwato ndi tsoka longodikira tsiku lake, ndipo tsikulo lafika. Anati iwo ali moyo, Luwiza sadzapondanso m'bwato limenelo. Kenako anandiloza ndi ndodo n'kunena kuti mlendoyu ngakhale ndi wopusa, ndi mwamuna, aphunzire kupalasa, ndipo mvula ikadzagwa akutha kuongola bwato, akhale. Amayi aang'ono anandiyang'ana kamodzi kokha n'kulowa m'khitchini.

Ine ndinakhala chete. Ndalemba mawu atatu amenewa ndipo ndakhala nthawi yaitali ndisanapitirize.

M'mawa mwake madzi ataphwa tinatsikira kudooko awiri, ine ndi a Zuze. Bwato linali litagona chafufumimba, kumphuno kuli mng'alu wautali ngati mkono. A Zuze ananjuta pa mtengo paja, anapukuta matope pa mfundo ndi chala chachikulu, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Kumtunda kunamveka chifuwa cha a Chiko, amene ankabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo kudzaona okha. A Zuze anasolola mpeni m'chiuno, anadula chingwe uku ndi uku, mfundoyo n'kuiponda ndi chidendene mpaka inamira m'matope. Anandiuza kuti ndigwire mbali inayo titembenuze bwato.

Tinakhala masabata atatu osapita kumadzi. Tinkadya chinangwa ndi nkhono zimene Luwiza ndi amayi ake ankatola m'matope, atawerama kuyambira madzi kuphwa mpaka kubwerera, zala zitachekekachekeka. A Zuze anatseka mng'alu ndi kathabwa, misomali ndi phula limene ankasungunula m'chitini. Akatopa ndi zimenezo ankakhala pamthunzi n'kumaluka chavi china, ulusi atakoletsa ku chala cha kuphazi, diso limodzi ndi limodzi. Banja la a Chiko nalo linamva njala ya ndiwo, ndipo akazi awo ankadutsa Luwiza osamupatsa moni. Ine palibe amene anandinena. Gawo langa m'mbale silinachepe ngakhale tsiku limodzi, ndipo chakudyacho chinkandivuta kumeza, koma ndinkameza.

Bwato litachira, Luwiza anabwera ndi nkhafi yake n'kuiponya pamapazi panga. Madzi akadzaza tinkapita ku kamfuleni kakuseri kwa nyumba, ine m'bwato, iye akuyenda m'mphepete madzi ali m'maondo, osakhudza bwatolo ngakhale ndi chala. Sanali mphunzitsi wofatsa. Ndikamenya madzi mwamphamvu ankandikumbutsa kuti imeneyo ndi nkhafi, si chikoti cha ng'ombe. Ndikazungulira pamalo amodzi ankafunsa ngati ndikufuna mbuzi yosokera. Koma anandipatsa zonse zimene ankadziwa, osabisako. Anandionetsa kuti madzi otuwa amabisa mchenga, kuti pamene thovu laima mu mzere pali njira yakuya, kuti ndisayang'ane nsomba koma khosi la bambo ake. Anandiyezetsa chingwe ndi manja otambasula, mikono isanu, n'kuonjezera umodzi wa mwezi.

Tsiku lina, nditaongola bwato koyamba kuchokera ku chitsa china kufika ku china, ndinamuuza kuti ndikukanena zoona kwa a Chiko. Sindikudziwa ngati ndikanapitadi. Anaima m'madzimo, manja m'chiuno.

"Ukanena, ukwera boti," anatero. "Ine andichotsa m'bwato basi. Pakhomo sangandichotse, ndi pathu pano. Iwe uli ndi kwanu?"

Mawu amenewo ndinawalandira ngati chilolezo, ndipo mtima unapepuka. Pa zonse zimene ndinachita nyengo imeneyo, kupepukidwa kumeneko n'kumene kumandivuta kwambiri ndikakumbukira.

Ndinayamba kupalasa kumbuyo kwa a Zuze. Ndi ine ankachita kuyankhula, kumanja, kumanzere, gwira pomwepo, ndipo masiku oyamba tinkabwera ndi dengu losadzaza. Pang'onopang'ono mawu anayamba kuchepa. Mvula yoyamba inatipeza m'kati mwa mfuleni. Kunada, nkhanu zinalowa m'maenje, kenako madontho akuluakulu anayamba kuboola madzi, ndipo matope amene tinadzola anatsika m'masaya mwathu ngati phala. Nsomba zinachita misala tsikulo. Tinafika pakhomo titanyowa, madengu awiri odzaza. A Chiko anali pakhonde. Anatola nsomba imodzi, anaitembenuza, n'kunena kuti mbusa uja wayamba kununkha ngati munthu. Chimenecho ndicho chinali chiweruzo chawo. Luwiza anali m'khitchini akusinja mpunga. Munsi unaima pang'ono kuti amve, kenako unapitiriza. Boti la katundu litabwera sabata yotsatira, palibe amene analitchula.

Ndinakhala pakhomopo zaka zinayi. Amayi aang'ono ndi amene anandikakamiza kumapita kwa mphunzitsi wa kutchalitchi masana, kumene ndinaona zilembo koyamba nditakhala pakati pa tiana tofika m'chiuno mwanga. Zinthu zitayamba kuvuta m'dzikomo ananditumiza kwathu, ndipo ndinakayamba Sitandade 2 ndevu zitayamba kumera. Ndinakhala mlonda, kenako dalaivala wa malole, ndinakwatira, ndinaphunzitsa ana anga sukulu. Mmodzi wa iwo ndi namwino amene ananditengera kuno. Tikasonkhana Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ku Markham, amandipatsa mpando wakutsogolo n'kundipempha kuti agogo atsegule ndi pemphero, ndipo ine ndimapemphera, ndikudziwa kuti zonsezi zaima pa mawu a mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu amene anali ndi mamba a nsomba padzanja. Luwiza sanakwerenso bwato lija. Anakwatiwa ndi munthu wa ku minda ya nzimbe kumtunda, kumene madzi alibe mchere. Nkhondo itabwera makalata analeka. Patapita zaka, mayi wina wothawa nkhondo amene ndinamunyamula pa lole kufupi ndi Nsanje anandiuza kuti ankamudziwa, ndi kuti anamwalira. Luwizayo sindinamuthokoze konse. Pamene tinkatsazikana padooko ndinangomubwezera nkhafi yake, ndipo iye anati ndaikalambitsa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chinsinsi chija chinali cha anthu awiri, ndi kuti Luwiza anangotaya ntchito yolemetsa ya padzuwa. Ndinkaganizanso kuti a Zuze anadula chingwe chifukwa mfundo yanga inali yolimba kwambiri, ndipo pansi pa mantha anga ndinanyadirako pang'ono. Nditakula ndinakumbukira kuti m'zaka zinayi zimene ndinapalasa kumbuyo kwawo sindinawaonenso akudula chingwe. Chingwe cha makoko a kokonati chinkapotedwa pa ntchafu masiku ambiri, ndipo mfundo ikalimba ankaimasula ndi mano, ngakhale zitenge nthawi yotani. Palibe mwana wobadwira kunyanja amene akanamanga mfundo imene ija, pamalo pamene paja, ndipo a Chiko akanaizindikira asanafike n'komwe pamatope. Munthu uja anali ndi nthawi yochepa chabe, yoyenda mkulu wake kuchokera pamtunda kufika pa mtengo, kuti asankhe pakati pa mwana wake ndi mwana wa mwini. Mwana wakeyo anali atasankha kale dzulo lake, ndipo iwo sanamutsutse.

Chavi chikabwera cholemera kwambiri, a Zuze ankatembenuka akumwetulira. Masiku amenewo ndinkati akusekerera ine, ndipo chifuwa changa chinkatupa. Lero ndimaiona bwino nkhope ija. Kwa kamphindi maso awo ankafuna munthu wina kumbuyo kwa bwato. Kenako ankandipeza ine, nkhafi yaifupi ili m'manja, ndipo kumwetulirako sankakubweza.